Anati Ndine Wotentha

Ndinapuma pa ntchito chaka chatha. Pa mwambo wonditsanzika anandipatsa wotchi ndi maluwa, n'kunena mawu okoma amene sanawanenepo pamene ndinkagwira ntchitoyo. Za ntchito yathu zinalembedwa zambiri m'Chingerezi, ndipo dzina langa ulipeza kumapeto kwenikweni, pa mzere wothokoza. Koma pali nkhani imodzi imene sinalembedwe paliponse, ndipo m'banja mwathu aliyense amailambalala: chifukwa chimene ine, agogo ako obereka mayi ako, ndinathera miyezi isanu ndi inayi ndisanakunyamulepo iwe Dalitso. Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti Chichewa chako chimathera pa moni, koma nkhaniyi inachitika m'Chichewa ndipo m'Chingerezi siingamveke. Mayi ako adzakuwerengere, ndipo asadumphe paliponse.

Chaka choyamba

Ndinafika ku London potsatira agogo ako aamuna, omwe anadzaphunzira kuno n'kupezeratu ntchito. Kwathu ndinkagwira mu labotale ya sukulu ina ya sekondale ku Dedza, kusamala mabotolo ndi kukalipira ana osewera ndi moto. Bambo aja atamwalira mwadzidzidzi, Tadala, mayi ako, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, abale anandilembera kuti ndilongedze ndibwerere kumudzi. Ndinawayankha kuti ndidzabwera ndikadzafuna. Ndinapeza ntchito yotsuka mabotolo mu labotale ya yunivesite ina pakati pa mzinda, m'zipinda zapansi penipeni zopanda mawindo. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima yapansi kuchokera ku Tottenham, ndipo m'nyengo yozizira ndinkatha sabata yathunthu osaliona dzuwa.

Bwana wanga woyamba anali Bambo Alan, mkulu wa ndevu zaimvi, wosakonda zolankhula, omwe ankadya buledi wa tchizi masana aliwonse pa zaka zonse zimene ndinawadziwa. Tsiku loyamba anandionetsa benchi lopingasa pakhomo la chipinda china, ndi mzere wachikasu pansi pake. Anati mbali imene tinaimayo ndi yozizira, mbali inayo ndi yotentha. Sikuti kunali moto ayi. Ndi mmene anthu a ntchitoyi amalankhulira m'Chingerezi: chinthu chotulutsa cheza choopsa, chija amati radiyeshoni, amati n'chotentha, ndipo chosatulutsa amati n'chozizira. Ndinaseka chamumtima, chifukwa kwathu mawu awiriwa ali ndi ntchito yawo kale, koma sinali nkhani yokamba ndi mwamuna wachilendo tsiku loyamba pa ntchito.

Zaka zinayi ndinatsuka mabotolo mbali yozizira, ndikusuzumira pagalasi mmene anzanga ankawolokera benchi lija: kukhala pansi, kuvula nsapato imodzi, kuwolotsa mwendo, kuvala nsapato ya mbali inayo, osaponda pansi ndi sokosi. Tsiku lina ndinawafunsa Bambo Alan ngati pabenchipo pamawoloka a madigiri okha. Anati iwo safuna munthu wanzeru, anzeru adzaza kale nyumbayo ndipo ndi amene amawathyolera zinthu. Akufuna munthu amene angachite chinthu kachikwi monga anachitira koyamba. Ndinawauza kuti ndatsuka mabotolo omwewo zaka zinayi osaswa ngakhale limodzi, ndipo iwo akudziwa zimenezo chifukwa amandizonda. Sanaseke, koma mwezi wotsatira ananditumiza ku maphunziro.

Chaka chachisanu

Ndikufotokozere ntchitoyo mwachidule, kuti udziwe chimene ndinakakamira. Pali zitsulo zolemera kwambiri, monga yureniyamu ndi zinzake, zimene zimatsala kumalo opangira magetsi a nyukiliya. Zotsalazo zimakhala zoopsa kwa mibadwo yosawerengeka, ndipo maganizo alipo ndi oti zikakwiriridwe pansi pakuya. Funso lathu linali limodzi: madzi apansi akadzazifikira, chitsulocho chidzasungunuka n'kuyenda nawo mpaka kumene anthu amamwa, kapena chidzakakamira m'mwala? Kuti udziwe, uyenera kuona mmene atomu iliyonse yakhalira ndi zoyandikana nazo, ndipo palibe diso loona zimenezo. Amaonera ekisireyi, koma osati ija ya kuchipatala. Kunja kwa London kuli makina aakulu ozungulira, nyumba yake kukula kuposa bwalo la mpira, amene ife tinkangowatcha Mphete. Amatulutsa ekisireyi yamphamvu koopsa koma yopyapyala ngati tsitsi. Ukailozetsa pa kaufa kako, pa kompyuta pamatuluka mizere yokwera ndi kutsika, ndipo odziwa amawerenga pamenepo mmene maatomu akhalira.

Kuwerenga mizere inali ntchito ya a Pulofesa Helen, mutu wa gulu lathu, ndi ophunzira awo. Yanga inali kukonza kaufako. Ndinkapisa manja mpaka m'mapewa m'magolovesi akuda omatidwa ku bokosi lagalasi lotsekeka, n'kuyeza ufa wosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Ndinkausakaniza ndi ufa wina wopanda vuto, kuudinda kuti ukhale kambulu, kenako kukatsekera m'kachotengera ka zenera lapulasitiki lopyapyala limene ekisireyi imadutsa. Kachotengerako kankalowa m'kena, kenako m'kenanso, katatu. Ndikatseka kamodzi ndinkapukuta kunja kwake ndi kapepala n'kukayika pa mita yoyezera cheza. Mita ikalira, ntchito yonse inkayambiranso, ngakhale itakhala ya tsiku lathunthu. Pachifuwa ndinkavala baji yoyeza cheza chimene chandifika m'thupi, imene inkapita kukawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo potuluka ndinkalowetsa manja ndi mapazi m'makina ena, osachoka mpaka nyali yobiriwira itayaka. Pa zaka zonse zimene ndinagwira, palibe mwezi umene baji yanga inadetsa nkhawa munthu.

Ku Mphete sumangopita. Masiku ake amachita kupempha, magulu a m'mayiko ambiri akulimbirana, ndipo ukapatsidwa ndi masiku owerengeka. Oyang'anira kumeneko akapeza kadontho kokha kunja kwa chotengera chako, amabweza bokosi lonse la zokayezazo ndipo masiku ako apita. Ndinaona anthu a maina akuluakulu akubwerera akupukusa mitu. Langa silinabwezedwepo, ndipo sindikuchita manyazi kunena kuti ndinkanyadira.

Chaka chakhumi ndi chiwiri

Bambo Alan atapuma, sanalembenso wina. Ntchito ya anthu awiri inagwera ine ndekha, ndipo kumaofesi kunabwera bwana watsopano wokonda kudula chilichonse. Magolovesi a bokosi lija ali ndi nthawi yake, akapitirira amayamba ming'alu yosaoneka ndi maso. Atsopano atachedwa kubwera, bwanayo anatsika kudzandiuza kuti tingopitiriza ndi akalewo poti akuoneka abwinobwino. Ndinamufunsa ngati angapiseko manja ake. Kenako ndinakhoma bokosi, kiyi ndinaika m'thumba, ndipo ntchito inaima masabata atatu mpaka magolovesi atafika. Kuyambira pamenepo kumaofesi ankandidziwa ngati mayi wouma mutu wa kuchipinda chapansi, ndipo dzinalo silinandisowetse tulo.

Vuto lenileni ndinalipala ndekha, ndi pakamwa panga, kutchalitchi. Tinkapemphera m'chipinda chapamwamba pa sitolo ina ku Tottenham, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, amayi ambiri ali manesi kapena osamalira okalamba. Loweruka lina tikuphika za ukwati, mayi wina anandifunsa kuti kodi kwenikweni ndimachita chiyani kuyunivesiteko. Ine pofuna kuti amve, komanso pofuna kudzitama pang'ono, ndinangotembenuza mawu a kuntchito aja. Ndinati ndimagwira zinthu zotentha, tsiku lonse ndimakhala mbali yotentha, ndipo ndisanapite kunyumba amandiyeza kaye ngati ndazizira. Khitchini yonse inafa ndi phwete. Wina anati sankadziwa kuti wamasiye ameneyu ndi wotentha chotere, ndipo ine ndinaseka nawo mpaka misozi.

Iwe wobadwira kuno sungamve chimene tinkaseka. Kwathu amati munthu ndi wotentha ngati akukhalira pamodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, kapena ngati mkazi ali kumwezi. Khanda ndi lozizira. Wotentha akaligwira nthawi yake isanakwane, kapena akathira mchere m'ndiwo za pakhomopo, amati mwana amadwala tsempho: amatupa, amatsokomola, amaonda. Mwa malamulo amenewo ine, wamasiye wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinali wozizira kuposa firiji ya tchalitchiyo.

Patapita miyezi ingapo, mwana wa mayi wina wa m'gulu lathu, yemwe ndinkakonda kumunyamula nthawi ya ulaliki, anatupa nkhope ndi mapazi. Madokotala anati ndi impso, anamupatsa mankhwala, ndipo anachira. Palibe amene anandinena pamaso. Ndinangoona kuti makanda ayamba kundilambalala. Mwana ankayenda m'manja kuchokera kumapeto kwa benchi, akafika pa ine n'kudumpha. Kukhitchini ankandipatsa mbale zotsuka, ndipo tsiku lina mayi wina anandilanda botolo la mchere m'manja akumwetulira, amvekere ndipume ndatopa. Awatu anali manesi, anthu okankha odwala kupita nawo ku ekisireyi tsiku ndi tsiku. Ukanawafunsa ngati amakhulupirira tsempho akanakuseka, ndipo ukanawafunsa ngati cheza chimatsalira pa munthu woti wayezedwa akanati ayi. Koma mantha akumudzi ndi mantha a radiyeshoni anakumana m'liwu limodzi, ndipo sukulu yawo yonse inagonja. Zinandipweteka kwambiri, koma tchalitchi sindinasiye. Ndinasamukira benchi lakutsogolo n'kumaimba mokweza kuposa kale.

Chaka cha makumi awiri ndi chimodzi

Tadala anakwatiwa ndi bambo ako Mabvuto, mnyamata wofatsa, woyendetsa malole, ndipo anakakhala ku Wembley pafupi ndi mayi ake a mnyamatayo. Amenewa ndi agogo ako enawo, Amai Tembo, asewere anga, ochokera ku Chipata, omwe ankagwira m'sitolo yaikulu kufupi ndi sitediyamu. Ndi munthu wolimbikira, analera ana anayi okha m'dziko la eni, ndipo sindikulemba izi kuti uwade. Koma anali ndi mng'ono wawo kutchalitchi kwathu, choncho mbiri yanga inafika ku Wembley ine ndisanafike. Tadala atakhala ndi pakati, kundiitana kunayamba kuchepa. Tsiku limene unabadwa ndinathamangira kuchipatala, ndinatambasula manja, ndipo asewere analowa pakati mwaulemu, n'kuyamba kukukonza kabulangete kamene kanali kokonzeka kale.

Mutatuluka m'chipatala asewere anandiitana kunyumba. Ananditsirira tiyi, anandifunsa za ulendo, kenako anafika pa nkhani.

"Amake Tadala, sitikukanani iyai," anatero. "Manje mwana akali mung'ono, ndipo imwe musebenza na vinthu votentha daily. Tengani leave, three months chabe, muzizile. Olo muchokeko ku side kuja. Mukazizila, mwana ni wanu."

Ndinatembenukira kwa Tadala. Anali atakhala pampando wapakona, iwe uli pabere, maso ali pansi.

"Mum, chonde, just for peace," anatero. "Ndatopa."

Mawu a asewere ndinawayembekezera. A mwana wanga ndi amene anandilasa.

Kuntchito zinthu zinali chonchi. Titapempha zaka ziwiri, tinali titapatsidwa masiku asanu ku Mphete, ndipo anatsala masabata asanu ndi limodzi. Zokayezazo zinali timiyala timene tinakhala zaka zambiri m'mabotolo otsekedwa, m'madzi osakaniza ndi yureniyamu, kudikira tsiku limeneli. Wololedwa kutitsekera m'zotengera ndinali ine ndekha. Ndinapita kwa a Pulofesa Helen n'kuwafotokozera zonse, ngakhale za tsempho, ndikuyembekeza kuti andichonderera ndisachoke, ine ndipeze pobisala. Sanatero. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati banja ndi lofunika kuposa miyala. Anati akhoza kundisamutsira ku sitolo ya zipangizo m'chipinda chapamwamba kwa theka la chaka, masiku a ku Mphete awabweze, adzapemphenso. Ndikufuna udziwe zimenezi, Dalitso. Khomo linali lotsegula ndipo palibe bwana amene anandikakamiza. Ndinakana ndekha.

Ndinaganiza masiku atatu. Ndinkakufuna, ndinkamva m'mikono mwenimwenimu kuti mukusoweka kanthu. Koma kuvomera kuzizira kunali kuvomera kuti ndinali wotentha. Kunali kusayina ndi dzanja langa kuti ndine amene ndinatupitsa mwana wa kutchalitchi uja, ndiponso kuti manja amene anasambitsa Tadala ndi kumuphikira kuyambira ali wamng'ono anali a poizoni. Ndipo miyezi itatuyo ikatha, akanandiyeza ndani, ndi chiyani? Kuntchito tinali ndi makina onena zoona. Ku Wembley muyeso unali diso la asewere. Tsiku lobwerera pabokosi langa ndikanatenthanso, ndipo chifuwa chako chilichonse, kutsegula m'mimba kulikonse, chikanakhala mlandu wanga mpaka utakula.

Ndinaganiza zowaonetsa ndi maso. Ndinapempha chilolezo chobwereka mita imene tinkaphunzitsira alendo, ndipo Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi ndinapita nayo ku Wembley. M'nyumba munali alendo odzaona mwana. Ndinayatsa mita, ndinaiyendetsa pa manja anga, m'tsitsi, pa jekete, pansi pa nsapato. Inkangogunda mwa apo ndi apo, monga imachitira paliponse padziko. Ndinayeza manja a Mabvuto, chimodzimodzi. Ndinayeza a mlendo wina, chimodzimodzi. Anthu anayamba kugwedeza mitu, ndipo Tadala anadzutsa nkhope koyamba. Ndikanalekera pomwepo, mwina ndikanakunyamula tsiku lomwelo.

Koma patebulo panali botolo la mchere uja amagula anthu othamanga magazi, wa asewere. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mchere umenewo uli ndi potaziyamu, ndipo potaziyamu amatulutsa kacheza kochepa kosavulaza munthu. Zaka zonse za kulandidwa mchere m'manja zinandikwera kumutu. Ndinathira mcherewo m'mbale, ndinagunditsapo mita, ndipo inayamba kulira ngati mvula pamalata.

"Asewere," ndinatero, "chotentha m'nyumba muno ndi mchere wanu."

Ndinafotokoza msanga kuti mcherewo ulibe vuto, angathe kudya mpaka kalekale, koma panalibenso womva. Mlendo wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Asewere anagwa nkhope pamaso pa mwana wawo ndi alendo awo, m'nyumba imene ankailamulira. Anaimirira, anakutenga m'manja mwa Tadala, analowa nawe kuchipinda n'kutseka chitseko. Bambo ako anandiperekeza mpaka pageti mwaulemu wonse, ndipo anangoti, "Amai, apa mwapita too far." Ankanena zoona. Za kukana kuzizira sindinalapepo ndipo sindidzalapa. Za mchere ndimalapa, ngakhale kuti pena ndikakumbukira kulira kwa mita ija ndimapezeka ndikumwetulira ndekha.

Ndinabwerera pabokosi langa. Ndinatsekera timiyala tonse, katatu katatu, ndipo ku Mphete oyang'anira anapukuta, anayeza, sanapeze kanthu. Tsiku lachitatu mizere inatuluka yoyera bwino, ndipo a Pulofesa anaiwerenga n'kutiuza zimene inkanena. Yureniyamu uja sanangomatirira pamwamba, anali atalowa m'kati mwa mwala n'kukhazikika. Anandikumbatira pamaso pa ophunzira. Ndinasangalala zenizeni, sindinama. Kenako ndinatuluka panja, ndinatsegula foni, ndinapeza chithunzi chako chimene Tadala anatumiza m'mawa, utayamba kumwetulira, ndipo ndinalira nditatsamira khoma la nyumba yaikuluyo.

Miyezi inapita choncho. Tadala ankandiimbira ali m'basi kapena ali ku sitolo, osati ali kunyumba. Ndinaona pafoni utayamba kukhala pansi, utamera dzino, utayamba kukwawa. Abusa athu anayesa kutiyanjanitsa. Anabwera kwathu n'kundipempha kuti ndipepese, ndiponso nditenge mwezi umodzi wokha wa tchuthi kuti asewere apeze potulukira. Ndinawauza kuti za mchere ndipepesa ngakhale mawa, nditagwada, koma manja anga sindiwapepesera chifukwa sanalakwe. Asewere ankafuna zonse ziwiri. Abusa anamaliza tiyi wawo, anapemphera, anapita.

Chaka chotsatira

Linali Lachitatu masana. Ndinavula magolovesi, ndinawoloka benchi, ndinadikira nyali yobiriwira, ndipo nditatsegula kabati yanga ndinapeza foni italira katatu. Nambala inali ya asewere, omwe anali asanandiimbirepo chibadwire iwe. Ndinawaimbira pomwepo. Anati wakhala ukutsokomola sabata yathunthu, thupi latentha, ndipo akugoneka kuchipatala china cha kufupi ndi kwawo. Dokotala akufuna akujambule pachifuwa ndi ekisireyi masana omwewo, ndipo ojambula apempha wachibale mmodzi woti akugwire kuti usagwedezeke. Tadala anali ataletsedwa kulowa chifukwa anali ndi pakati pena, pa mlongo wako. Bambo ako anali ndi lole kutali kumpoto. Asewere anafika nawe pakhomo la chipindacho, anaona chikwangwani chachikasu chochenjeza za cheza, ndipo analephera kulowa.

"Bwelani," anatero. "Imwe muvidziwa vinthu ivi. Ine ningamugwetse na mantha."

Ndikuuze ganizo loyamba limene linandifikira, ngakhale ndi lonyansa. Ndinati m'mtima, mwana wadwala ndisanamukhudzepo. Ndikanagonja chaka chathacho, ndikanakunyamula ngakhale kamodzi, chifuwa chimenechi chikanakhala changa. Ndinathokoza Mulungu pa chimenecho, kenako ndinachita manyazi kuti ndikuthokoza mdzukulu wanga ali pabedi la chipatala. Komabe funso limodzi ndinalifunsa, chifukwa sindinkafuna kuti mawa lidzanditsate.

"Asewere, ndangotuluka kumene mbali yotentha. Sindinatenge tchuthi. Ndibwere choncho?"

Pafoni ndinkamva kulira kwako chapatali.

"Bwelani chabe mwamene mulili," anatero.

Ndinapachika baji yanga pamalo pake, ndinauza a Pulofesa, ndipo ndinathamangira sitima monga sindinathamangirepo pa msinkhu umenewo. Ndinawapeza pabenchi kunja kwa chipinda chojambulira, Tadala maso atatupa, asewere atagwira chikwama cha matewera ndi manja awiri. Wojambula, mtsikana waulemu, anandiveka epuloni yolemera ya mtovu, n'kuyamba kundifotokozera kuti cheza chake n'chochepa, ndisaope. Ndinamusiya amalize, inali ntchito yake. Kenako Tadala anaimirira, anakupereka m'manja mwanga, ndipo palibe amene analowa pakati.

Unali wolemera kuposa mmene zithunzi zinkaonetsera, thupi lili moto, tsitsi litanyowa ndi thukuta. Sunandidziwe. Unandiyang'ana kamodzi n'kukuwa ngati wagwidwa ndi mlendo, ndipo ndinalidi mlendo. Ndinakukhazika pamene anandiuza, ndinakweza timanja tako m'mwamba, ndinakugwira zolimba koma mosakupweteka, ndikukulankhula m'Chichewa zinthu zopanda mutu. Makina analira kamodzi, basi zinathera pomwepo. Anapeza chibayo mbali imodzi, anakupatsa mankhwala, ndipo patatha masiku anayi unatuluka. Palibe amene anandipepesa, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ine za mchere ndinapepesa mwezi wotsatira monga ndinalonjezera abusa, ndipo pabokosi langa ndinagwirapo zaka zina zisanu ndi zitatu.

Koma ndibwerere pakhomo paja. Wojambula anandivula epuloni iwe uli m'manja mwanga, chifukwa ndinakana kukutsitsa. Unali utasiya kukuwa, ukungosisima, nkhope utaibisa m'khosi mwanga. Titatuluka, asewere anaimirira msanga n'kutambasula manja kuti akulandire. Ndinawauza kuti adikire kaye. Ndinakunyamula ndekha kubwerera ku wodi, ndipo ndinadzera njira yaitali, iwo akutitsatira pambuyo ndi chikwama cha matewera.